Mlonda pa Mpata: Ulemu Pogwira Ntchito ya Tonse

Werengani: Aefeso 4:29; Mateyu 18:15-17; Miyambo 31:8, 9.

Ana akabayidwa katemera m'zipatala za m'boma la Phalombe, chiwerengero chawo chimakafika ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu DHIS2. Pulogalamu ya pakompyuta imeneyi imayang'aniridwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, koma oikonza ndi anthu a m'mayiko ambiri. Ili m'gulu la mapulogalamu otchedwa open source, amene aliyense ali ndi ufulu woona mmene analembedwera, kuwakonza ndi kugawira ena.

Ntchito yotere ili ngati dima. Ambiri amabwera mwa kufuna kwawo, ndipo munthu akanyozedwa amangonyamula khasu lake n'kubwerera kwawo. Wophunzira amene wafunsa funso n'kuyankhidwa kuti ndi mbuli safunsanso. Mtsikana amene wapempha thandizo n'kuyamba kulandira mauthenga omufunsira usiku amachoka mwakachetechete. Gulu limataya mlimi, munda n'kutsala ndi tchire.

Zoterezi zachitikapo ngakhale kwa akuluakulu. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux mu 1991, ankadziwika ndi mawu olasa kwa omuthandiza. Mu Seputembala 2018 anapepesa poyera, anayamba wapuma pa ntchitoyo, ndipo gululo linakhazikitsa malamulo a khalidwe otengedwa mu Contributor Covenant, imene Coraline Ada Ehmke analemba mu 2014. Malamulowa amaletsa kutukwana, nthabwala zolaula, kuvutitsa munthu poyera kapena kumbali, ndiponso kuulutsa adilesi yake popanda chilolezo. Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana.

Koma lamulo la papepala silidziyendetsa lokha. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese pali mpata umene ogulitsa akapolo ankadutsitsamo anthu popita kugombe la nyanja yamchere. Kungonena kuti malondawo ndi oipa sikunatseke njirayo. Mu 1893 panamangidwa linga la Fort Lister, ndipo panaikidwa alonda. Gulu lililonse, kaya lopanga mapulogalamu, kaya la kalasi yathu pa WhatsApp, lili ndi mpata wake umene nkhanza zimadzera. Mpatawo ndi kukhala chete kwa oonerera.

Malemba athu akutipatsa zochita zitatu. Choyamba, dzudzulani ntchito, osati munthu. Paulo akuti mawu athu azimangirira womva. Kunena kuti mzere wachisanu uli ndi vuto ndi kuthandiza. Kunena kuti wolembayo alibe mutu ndi kugwetsa.

Chachiwiri, tsatani dongosolo la Yesu: lankhulani naye panokha, kenako ndi mboni, pomaliza kwa atsogoleri. Komabe tisagwiritse ntchito lembali pokakamiza mlongo amene akuopsezedwa kapena kufunsiridwa mokakamiza kuti akakumane yekha ndi womuvutitsayo. Iye asunge mauthengawo ngati umboni, apite nawo kwa atsogoleri, ndipo pakafunika, kupolisi.

Chachitatu, lankhulirani amene akulephera kudzilankhulira. Mawu ochepa oti “Achimwene, pano sitiyankhulana choncho” amakwanira kusonyeza wolakwiridwayo kuti sali yekha. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzakumana ndi zomwezi m'kalasi. Mwana wosekedwa chifukwa cha yankho lolakwika sakwezanso dzanja.

Mafunso okambirana:
1. Kodi gulu lanu la pafoni lili ndi malamulo olembedwa? Wodandaula angapite kwa yani?
2. Ngati wovutitsa anzakeyo ndiye katswiri amene gulu limadalira, atsogoleri achite chiyani?
3. Ndani wangoti zii m'gulu lanu masiku ano, ndipo mwamufunsa chifukwa chake?