Phunziro: Zenera la Kuchipinda ndi Dzuwa la Okutobala

Ambiri a ife timachokera m'midzi ya ku Mitundu ndi Nathenje, kumene nyumba za njerwa zootcha ndi malata zikulowa m'malo mwa za udzu. Nyumbazi ndi zolimba, koma mu Okutobala ndi Novembala chipinda chogona chimasanduka ng'anjo. Munthu akalephera kugona amakankha neti, mwinanso kukayala mphasa pakhonde, ndipo udzudzu umapezerapo mpata. Choncho nkhani ya zenera ndi nkhani ya thanzi.

Dzuwa limayenda bwanji kwathu kuno?

Mitundu ndi Nathenje zili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator. Chifukwa cha ichi, dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pa chaka: kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera pang'ono kumwera. Mu Juni, nthawi yachisanu, limatsikira kumpoto, ndipo masana limakwera madigiri pafupifupi 52 okha.

Zenera la kumpoto

Ili ndiye zenera labwino. Tiyerekeze kuti denga latulukira kunja kwa khoma ndi masentimita 50. Masana a Juni, mthunzi wake umatsika pakhoma masentimita pafupifupi 65 basi, motero kadzuwa kamalowa n'kufunditsa chipinda. Kumapeto kwa Seputembala mthunzi womwewo umatsika mamita awiri, ndipo mu Okutobala umaphimba khoma lonse. Denga limodzi likugwira ntchito ziwiri popanda magetsi.

Zenera la kumadzulo

Apa ndiye pagona vuto. Dzuwa likapendeka limawomba chammbali, kudutsa pansi pa denga, pa nthawi imene kunja kwatentha kale. Njerwa zimamwa kutenthako ndi kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, ife tili m'tulo. Amene akumanga kumene aike khoma lalitali moyang'ana kumpoto ndi kumwera, ndipo mbali ya kumadzulo aikeko sitolo kapena bafa m'malo mwa chipinda chogona.

Nanga nyumba ikakhala yomangidwa kale?

Choyamba, mthunzi ukhale kunja kwa galasi. Katani ya m'kati imatchinga kuwala kutentha kutalowa kale, pamene mphasa kapena mkeka wopachikidwa kunja, motalikirako pang'ono kuti mphepo idutse, umabweza dzuwa lisanakhudze galasi. Chachiwiri, tibzale mtengo kumadzulo, koma tisankhe bwino. Mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe, pamene tikufunitsitsa mthunzi. Mango sayoyola, ndipo msangu umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuyoyola mvula ikagwa. Tiubzale patali ndi maziko kuopa mizu. Chachitatu, poyembekeza mtengo kukula, tingamange kachisakasa n'kuyangitsapo mbewu zoyanga. Ngakhale Yona anakondwera ndi mthunzi wa msatsi (Yona 4:6).

Tisapitirire muyeso

Pothawa kutentha, ena amangotseka zenera ndi njerwa kapena katoni. Kutero n'kuthawa mvula kukagwa m'chitsime. Buku la Ellen G. White lotchedwa The Ministry of Healing, la 1905, limalangiza kuti chipinda chogona chizilandira dzuwa ndi mpweya wabwino. Chipinda cha mdima chimasunga chinyontho ndi nkhungu nthawi ya dzinja. Dzuwa la m'mawa lilowe. La madzulo titchinge. Usiku titsegule mazenera okhala ndi sefa, ndipo neti isachoke pabedi.

Zoti tikachite pa tchuthi

1. Tikaone mbali imene zenera la kuchipinda kwathu layang'ana.
2. Tikagwire khoma la kumadzulo ndi la kumwera dzuwa litangolowa, n'kuyerekeza kutentha kwake.
3. Tikakambirane ndi akomiti ya zomangamanga pa mpingo wathu asanakumbe maziko a nyumba ya abusa kapena ya aphunzitsi, pakuti kutembenuza nyumba pa pepala sikulira ndalama.