Kafikidwe ka ku Nyanja za Lake Louise ndi Moraine Lake ku Canada: Koimika Galimoto ndi Mabasi

Lake Louise ndi Moraine Lake ndi nyanja ziwiri za m'mapiri a Rocky, m'nkhalango yotetezedwa ya Banff, m'chigawo cha Alberta. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1885 ndipo ndi yoyamba m'dziko la Canada. Amalawi okhala ku Calgary kapena ku Edmonton akalandira alendo amakonda kupita nawo kumeneku, koma m'chilimwe anthu amachuluka kwambiri kuposa malo oimikapo magalimoto. Pachifukwa ichi, ulendowu umakonzedwa munthu akadali kunyumba.

Kuchokera ku Calgary kukafika m'tauni ya Banff pali makilomita pafupifupi 130, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Lake Louise pali enanso pafupifupi 60 pa msewu waukulu wa Trans-Canada. Wamkulu aliyense amafunika kukhala ndi chiphaso cholowera m'nkhalango, pomwe ana a zaka 17 kutsika m'munsi salipira. Amene angolandira kumene chilolezo chokhazikika m'dzikomo kapena unzika akhoza kulowa ulere kwa chaka chimodzi akalembetsa pa pulogalamu ya pafoni ya Canoo. Chiphasochi sichiphatikiza mtengo woimikira galimoto kapena tikiti ya basi.

M'mphepete mwa Lake Louise muli malo oimikapo magalimoto, ndipo kuyambira pakati pa Meyi mpaka Okutobala amalipitsa. Mu 2024 galimoto imodzi inkalipira madola 36.75 a ku Canada pa tsiku. Malowa amadzaza dzuwa lisanatuluke, ndipo sasungitsidwa pasadakhale. Akadzaza, oyang'anira pamsewu amabweza galimoto iliyonse, popeza palibe poima kudikira kuti wina atuluke.

Ku Moraine Lake lamulo ndi lokhwimirapo. Kuyambira 2023 bungwe la Parks Canada linaletsa magalimoto a anthu wamba pa msewu wopita kunyanjayi, usana ndi usiku womwe. Mu 2024 ololedwa anali amene anali ndi chikwangwani cha boma cha anthu olumala ndi alendo ogona ku Moraine Lake Lodge. Ena onse amapita pa basi, pa njinga yakapalasa kapena wapansi. Msewuwu umatsegulidwa kumayambiriro kwa Juni n'kutsekedwa pakati pa Okutobala, chifukwa m'nyengo yozizira chipale chofewa chimagumuka kuchokera m'mapiri.

Njira yotsika mtengo kwa amene abwera ndi galimoto ndi mabasi a Parks Canada. Galimoto imasiyidwa ulere pa Park and Ride, pa bwalo la Lake Louise Ski Resort. Mu 2024 wamkulu ankalipira madola 8, n'kuwonjezerapo ndalama pang'ono zosungitsira malo. Pogula tikiti munthu amasankha nyanja yoyambira ndi ola lonyamukira. Tikiti yomweyo imalola kukwera basi ya Lake Connector, imene imayenda pakati pa nyanja ziwirizi, komanso basi yobwerera ku Park and Ride. Mabasi awiri omalizirawa alibe ola losungitsa: wofika msanga pamzere ndiye amakwera.

Mabasiwa sayenda ngati minibasi za pa depoti ya ku Wenela, pamene munthu amangofika n'kudikira kuti minibasi idzaze. Mipando imagulidwiratu pa intaneti kudzera ku Parks Canada Reservation Service. Mipando 40 pa 100 iliyonse ya nyengo yonse imatulutsidwa chilimwe chisanayambe. Yotsalayo imatulutsidwa kutatsala masiku awiri kuti ulendo uchitike, 8 koloko m'mawa pa nthawi ya ku Alberta, ndipo ya m'mawa imatha mwamsanga. Banja lalikulu kapena gulu la kumpingo liyenera kuwerengeratu aliyense, ngakhale khanda, chifukwa wopanda mpando sakwera.

Amene agona ku Banff kapena alibe galimoto akhoza kukwera basi ya Roam Transit nambala 8X, imene imafika mpaka m'mphepete mwa Lake Louise. Tikiti yake yotchedwa Super Pass imalolanso kukwera Lake Connector kukafika ku Moraine Lake. Aliponso makampani a mabasi a alendo amene ali ndi chilolezo choyenda pa msewu wa Moraine Lake. Mtengo wawo ndi wokwera, koma amathandiza matikiti a Parks Canada akatha, ndipo ena amanyamuka m'bandakucha kuti anthu akaone kutuluka kwa dzuwa.

Moraine Lake ili pamalo okwera mamita oposa 1,800 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho m'mawa kumazizira ngakhale mu Julayi. Jekete, madzi akumwa ndi kamba wa paulendo ndi zofunika, makamaka pamene pali ana ndi achikulire. Netiweki ya foni kumeneku siidalirika, motero tikiti isungidwe m'foni kapena isindikizidwe pa pepala, ndipo ola la basi yomaliza lidziwike munthu asanayambe kukwera mapiri. M'derali muli zimbalangondo, ndipo nthawi zina lamulo limafuna kuti oyenda m'tinjira tina akhale anayi kapena kuposerapo. Mitengo ndi masiku zimasintha chaka ndi chaka, ndipo Parks Canada imalengeza zatsopano pa tsamba lake la intaneti nyengo isanayambe.