Ngongole yolembedwa pa lipoti la mbiri ya ngongole

Ngongole imene yalembedwa pa lipoti ku Australia siifufutika chifukwa choti munthu wabweza. Ikakhala ya madola 150 kapena kuposerapo, ndipo padutsa masiku 60 osalipidwa, imatha kulembedwa n'kukhalapo zaka 5. Kubweza kumangochititsa kuti ailembe kuti inalipidwa.

Kawirikawiri imachotsedwa ngati inalembedwa molakwika, monga pamene si ya munthuyo kapena sanatumiziridwe makalata omuchenjeza. Zikatero, lamulo la Privacy Act 1988 limamulola kudandaula kwa wobwereketsa kapena ku mabungwe osunga malipotiwa monga Equifax ndi Experian, ndipo iwo ayenera kuyankha m'masiku 30. Akakana, dandaulo limapita ku bungwe lomva madandaulo a zachuma la AFCA, kwaulere. Makampani olonjeza kuyeretsa lipoti amalipiritsa ndalama zankhaninkhani pa ntchito yoti mwiniwake angathe kuichita yekha.