Agogo asiya kudya koma thupi silikutentha: makalata ochokera ku Mwanza

WOULUTSA:  Ogasiti wa 2021 watipeza mliri wa Covid-19 utabweranso kachitatu, ndipo makalata ambiri a sabata ino akukamba za agogo. Tili ndi anamwino amene akhala akusamalira odwala achikulire kwa zaka zambiri. Mayi, mwaswera bwanji?

ANAMWINO: Ndaswera bwino, achimwene, kaya inu. Tiyeni tiyambepo.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Kunenekude. Akuti: "Ndabwera kuchokera ku Joni sabata yatha nditakhalako zaka zinayi. Pa boda ndinaonetsa chikalata choti ndilibe matenda. Koma mlongo wanga akundiletsa kulowa m'nyumba mwa amayi, omwe ali ndi zaka 78. Amayi akulira kuti mwana wawo wayamba kunyansidwa nawo. Nditani?"

ANAMWINO: Bambo, mlongo wanuyo musamukwiyire. Chikalata chija chikunena za tsiku limene anakupimani basi. Kuchokera pamenepo munakhala m'basi masiku angapo, kudutsa Zimbabwe, Tete, Zobue mpaka kufika pa chipata cha Mwanza, mukupumirana ndi anthu osawadziwa. Kachilomboka kamatha kubisala m'thupi mpaka masiku 14 kasanaonetse chizindikiro, ndipo munthu amapatsira anzake iye akudzimva kuti ali bwinobwino. Ife a ku Mwanza tikukumbukira Meyi wa 2020, mabasi a abale athu ochokera ku South Africa atandanda pa boda, kenako anthu oposa 400 n'kuthawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kulunjika kumidzi kwawo. Ambiri mwa iwo anali achinyamata amphamvu. Kumudzi kumene ankathamangirako kunali agogo.

Komatu sindikunena kuti mubisale kwa amayi anu. Yalani mphasa pabwalo pansi pa mtengo, iwo uko inu kuno, pakati panu mapazi atatu akuluakulu. Valani masiki, muombe m'manja m'malo mogwirana chanza, muwafotokozere za ulendo mpaka atope kumva. Chitani zimenezi tsiku ndi tsiku. Zovala ndi bulangeti zimene mwawabweretsera apatseni lero lomwe. Masiku 14 akakwana musanamve chilichonse m'thupi, lowani m'nyumba.

WOULUTSA: Yachiwiri yachokera kwa mayi wa ku Thambani. "Agogo anga amadwala BP. Kwa masiku atatu tsopano sakudya, akungogona, ndipo dzulo anandiitana dzina la malemu mchemwali wawo. Thupi silikutentha, sakutsokomola kwenikweni. Ena akuti ndi ukalamba chabe, ena akunong'ona zoti zimene ankachita usiku zawatembenukira."

ANAMWINO: Pa kalata iyi ndichedwapo. Mayi, ngati mukumvetsera, pezani galimoto kapena njinga yamoto lero, agogo apite kuchipatala. Musadikire kuti pulogalamu ithe.

Tinazolowera kumva kuti Covid-19 ndi kutentha thupi, chifuwa ndi kusamva fungo. Kwa munthu wa zaka 30 zimakhaladi choncho nthawi zambiri. Thupi la nkhalamba sililimbana ndi matenda mwaphokoso. Limatha osatentha n'komwe. Chimene mumaona n'chakuti agogo amene amadzuka m'mamawa kusesa pabwalo angoti ndwii pamphasa, nsima akuibweza, akugwa popita kuchimbudzi, akusokoneza mayina a ana awo. Kusokonekera mutu kobwera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, sikukhala ukalamba. Ukalamba umabwera pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Izi zimatanthauza kuti m'thupi muli matenda, kaya ndi Covid-19, malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wosokonekera, ndipo onsewa amapimidwa ndi kuthandizidwa kuchipatala.

Chinanso chimene chimatipusitsa pa matendawa n'chakuti mpweya m'magazi umatha kutsika kwambiri munthu asanayambe kubanika. Ife timauona ndi kachipangizo kopana chala. Kunyumba chitani izi: agogo ali chigonere, yang'anani chifuwa chawo, muwerenge kuti chakwera kangati pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu amene wangokhala amapuma ka 12 mpaka 20. Mukawerenga 25 kapena kuposa apo, kapena akulephera kumaliza chiganizo osapumira, nyamukani. M'njira muziwamwetsa madzi kapena thobwa pang'onopang'ono, atakhala tsonga. Musaiwale buku lawo la kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse amene amamwa.

Ndikudziwa mantha amene alipo, oti munthu akalowa mu wodi ya Covid satulukamo. Ine ndawaona ambiri akutuluka ndi miyendo yawo. Kuchipatala kuli mpweya wa okosijeni, kulinso mankhwala otchedwa dexamethasone amene kafukufuku wa ku Britain anaonetsa mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa pakati pa odwala ofunika mpweya. Amene amatisowetsa chochita ndi obwera nawo atagona kunyumba sabata yathunthu.

Za kunong'onako, zimandiwawa mumtima. Mu Januwale 2016, kwa anansi athu ku Neno, nkhalamba zinayi za banja limodzi zinaphedwa poziganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Zimayamba ndi manong'onong'o ngati amenewa. Munthu amene akubwebweta chifukwa cha matenda sakuulula kanthu, akudwala. Zikapitirira, kauzeni amfumu ndi apolisi.

WOULUTSA: Tamva, mayi. Wina wa pa boma walemba mwachidule: "Kodi kufukiza ndi masamba a bulugamu ndi ndimu kumapha kachilomboka?"

ANAMWINO: Sikupha. Kumatsegula mphuno kwa kanthawi, basi. Ndipo nkhalamba yofooka mukaifunditsa bulangeti pamwamba pa poto wa madzi owira, ikachita chizungulire imagwera momwemo. Mabala amoto otere ndawatsukapo. Madzi ofunda a ndimu apatseni amwe, manachesi athu ano asendereni adye. Nditchulenso mbaula: usiku kukazizira musawasiyire makala oyaka m'chipinda chotseka, utsi wake wosaoneka uja umapha munthu ali m'tulo.

WOULUTSA: Iyi yachokera ku Tulonkhondo. "Agogo amagona ndi zidzukulu zinayi m'kuka mwawo. Anawo amapita kusukulu, wina amagulitsa zipatso mumsewu. Nyumba ina tilibe. Komanso agogowo ali ndi shuga, ndiye tikuopa kuwabayitsa katemera."

ANAMWINO: Malangizo ambiri amene timamva amaganiza kuti aliyense ali ndi chipinda chapadera. Kumudzi sizili choncho, ndiye tichite zimene tingathe. Wogulitsa mumsewuyo, popeza amakumana ndi madalaivala ndi apaulendo tsiku lonse, ndiye woyamba kusamuka, akagone kwa makolo ake kapena m'gowelo. Otsalawo mphasa zawo zitalikirane ndi ya agogo, zenera likhale lotsegula masana onse. Pakhomo pakhale mpondagiya ndi sopo, mwana asakhudze agogo asanasambe m'manja. Agogo akhale ndi kapu ndi mbale yawoyawo. Mwana akayamba chimfine, usiku womwewo agone kwina. Koma musachotse ana onse. Agogo akadwala pakati pa usiku adzaitana ndani? Ndipo nkhalamba yosiyidwa yokha imasiya kudya ngakhale isakudwala.

Za katemera, shuga ndi BP ndi chifukwa chowabayitsira msanga. Katemera wa AstraZeneca atafika pa 5 Malichi 2021, a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwala matenda amgonagona anaikidwa m'gulu loyamba, poti ndiwo amene matendawa amawagwetsa kwambiri. Mkono umawawa, thupi limaphwanya tsiku limodzi kapena awiri, kenako zimatha. Tsopano kwabweranso wa Johnson & Johnson wobaya kamodzi, wothandiza kwa agogo ovutika kuyenda. Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za tsiku ndi malo. Mankhwala a shuga asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ngati akutha, musadikire kuti mliri udutse kaye.

WOULUTSA: Yomaliza, nthawi yatithera. "Mnzawo wa amayi anga, amene anavinidwa naye limodzi, wamwalira. Amayi akuti zivute zitani akagona m'nyumba ya siwa."

ANAMWINO: Pepani ndi maliro. Amayiwo musawakanize ngati mwana, chisoni chawo n'chachikulu kuposa chathu. Choopsa ndi usiku uja m'nyumba yodzaza, zitseko zotseka, anthu akuimba ndi kulira mpaka mbandakucha. Kambiranani ndi eni maliro ndi akuluakulu a mpingo, amvetsa. Apite m'mawa atavala masiki, muwatengere kampando akhale panja chapatali, apereke chipepeso chawo, aone bokosi likutuluka, abwerere. Madzi osamba m'manja muwathirire ndi kapu, asaviike m'beseni la anthu onse. Madzulo ake mmodzi wa inu akhale nawo pakhonde, awalole akambe za mnzawoyo mmene angafunire, ndipo kwa masabata awiri muziwayang'ana kadyedwe ndi kapumidwe.

WOULUTSA:  Omvera, amene muli ndi funso losadikira sabata yamawa, imbani Chipatala cha pa Foni pa 54747 pa Airtel, n'kwaulere. Mayi a ku Thambani, tilembereninso mutiuze mmene agogo apezera.