Choseweretsa cha Chinangwa

Tamverani inu makolo a kwa Kuntumanji, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ana akasowa chochita amathamangira m'zithaphwi, momwe amakatenga likodzo. Apangireni choseweretsa pakhomo pompo.

Sendani chinangwa, muchisinje. Thirani madzi, mufinyire pansalu. Madzi oyerawo asiyeni adikhe. Akadikha, tayani apamwamba, pansi patsala phala loyera. Mwana akalifumbata limauma gwaa, akatambasula dzanja limayenderera. Mukafuna lonanda ngati therere, onjezani madzi, mulitenthetse mukutakasa. Lizizire kaye musanampatse.

Koma chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Choncho mwana asalawe phalalo. Ndikubwereza, asalawe, ndipo akamaliza asambe m'manja. Ana asewere pakhomo, m'zithaphwi ayi.