Ukufuna kubala maloya khumi, denga lako likudontha

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 38, ndikugwira ntchito ku Dubai chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinayamba ngati mlonda, pano ndimayang'anira alonda anzanga. Zaka zapitazo mchimwene wanga anakhala miyezi 14 pa limandi pa mlandu wa mbuzi imene sanabe, chifukwa tinalibe loya wotiyankhulira. Anatuluka akutsokomola, ndipo bambo athu anamwalira iye ali m'kati momwemo. Ndinalumbira kuti ndikadzapeza kangachepe ndidzaphunzitsa ana zamalamulo. Ndiye ndikufuna kukhazikitsa thumba m'dzina la malemu bambo, lolipirira ana khumi ku yunivesite ku Zomba. Ndatsegula gulu la WhatsApp kuti Amalawi anzanga kuno aziponya madirham 50 mwezi ndi mwezi mu akaunti yanga. Mayi a kunyumba ku Chirimba akuti ndazungulira mutu, poti nyumba yathu mbali imodzi ilibe malata. Ndikufunanso kuti anawo akamaliza adzatiimire pa mlandu wa malo kumudzi. Kodi ndalakwitsa pati?

Wolumbira, Al Quoz, Dubai

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pachitenje, kachiwiri ndinapukuta misozi ndi chitenje chomwecho. Tiyambe ndi kusekako, misozi tiipeza kutsogolo.

Ana khumi! Sunandiuze, koma ndikudziwa kuti ukugona pa bedi losanjikiza, wina pamwamba wina pansi, masokosi a anthu asanu ndi mmodzi ali pa chingwe chimodzi. Ukaima pakhomo la anthu dzuwa lija lopyola madigiri 40 likukuwotcha pamutu, n'kumaona magalimoto onyezimira akudutsa, mtima umayamba kunama kuti nawenso ndiwe mwini mafuta. Dubai imatero, imaledzeretsa ndi maso okha. Ukapanda mano usamaswe phale, mwana wanga. Mtima wako ndi wabwino zedi, koma masamu ako ndi a mwana wa Sitandade 2.

Chimene chandichititsa mantha kwenikweni si ana khumiwo. Ndi gulu la WhatsApp lija. Litseke lero, usanamalize n'komwe kuwerenga yankho langali. Kwathu kuno munthu akafedwa timayendetsa mbale, aliyense n'kuponyamo, palibe wofunsa chikalata. Kumene uliko kulibe zimenezo. Dziko la United Arab Emirates linakhazikitsa lamulo nambala 3 la chaka cha 2021 loyendetsera zopereka, ndipo limaletsa munthu wamba kusonkhetsa ndalama kwa anthu popanda chilolezo, kaya cholinga chake n'choyera ngati ufa woyera. Chindapusa chake chimafika madirham 500,000, ndende ilipo pambali. Ku Dubai komweko amene amapereka chilolezo ndi nthambi ya boma yoona za Chisilamu ndi ntchito zachifundo, imene amaitcha IACAD, ndipo amapereka kwa mabungwe ovomerezeka, osati kwa mkulu wa alonda wa ku Al Quoz amene ali ndi akaunti yake ndi mtima wake wabwino. Usaganize kuti ndikukuopseza chabe. Mu 2016, lamulo latsopanoli lisanabwere n'komwe, bambo wina wa ku Britain wokhala ku Dubai anakhala m'chitokosi pafupifupi masabata atatu chifukwa choika pa Facebook uthenga wopempha anthu kuthandiza ana ovutika ku Afghanistan. Ngati mzungu wa pasipoti yolemera anagona pansi, iwe wa pasipoti yathuyi adzakumvera chisoni ndani? Tangoganiza manyazi ake: munthu amene amafuna kubala maloya khumi, iye n'kukhala woyamba kulira kuti ndipezereni loya. Ngati alipo amene aponya kale, abwezere aliyense zake, ndipo usunge umboni woti unabweza.

Za m'thumba mwako, zimene wakhetsera thukuta, n'zako. Ukhoza kutumiza kumudzi monga umatumizira mwezi uliwonse. Mnzako amene mtima wamugunda atumize yekha, m'dzina lake, ku sukuluko. Iwe usakhale msungichuma, usakhalenso wolengeza.

Tsopano tiwerengere limodzi, popeza kulonjeza n'kosavuta ngati kumeza phala. Digiri ya zamalamulo ku University of Malawi, imene ife akale timangoti Chanco, imatenga zaka zinayi. Ukamuuza mwana kuti ndikulipirira, wamanga naye pangano la zaka zinayi, pamene iwe viza yako yamangiriridwa pa ntchito, ntchitoyo yamangiriridwa pa kontilakiti, kontilakitiyo ili m'manja mwa bwana amene angadzuke tsiku lina m'mimba mukumuwawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinaonapo mtsikana wina amene womuthandiza anamusiya chaka chachitatu. Sanamutukwane, sanamutsanzike, anangosiya kuyankha foni. Mwanayo anabwerera kumudzi ndi mabuku m'thumba la shuga, ndipo anthu amene anamuperekeza ndi nthungululu ndi omwewo amene ankamunong'ona pachitsime. Kumusiya mwana pakati pa mtsinje n'kowawa kuposa kusamuwolotsa n'komwe.

Ndiye tenga mmodzi. Inde, mmodzi yekha, ndipo usandikwinyire nkhope. Ngati ukuopa zaka zinayi, tenga amene watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, amene wakhoza bwino koma fizi yamutsekereza pakhomo la mayeso. Ameneyo ndi mbewu yoti yamera kale, ikungofuna kuthirira.

Ndipo usaganize kuti fizi ndiye zonse. Mwana wa ku Chanco amene sanapeze malo ogona pasukulu amachita lendi ku Chikanda, amafuna makala, ufa, bonya, sopo. Zamalamulo ndi kuwerenga milandu yakale usiku ndi usana, choncho pamafunika laputopu ngakhale yakaunjika, bandulo ya intaneti, ndalama ya fotokope, ndi suti imodzi yakuda yoti azionekera ngati munthu tsiku loyeserera khoti. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, limene linakhazikitsidwa mu 2015, koma ofuna ngongoleyo ndi ambiri kuposa ndalama zake, ndipo amene wapeza amatsalabe ndi mabowo. Nthawi zina mwana sasowa fizi, amasowa nsima. Wanjala sangaloweze malamulo a dziko, amangoona zilembo zikuvina.

Apa pali pamene Dubai yako ikukuthandiza. Dirham inamangidwa pa dola, pafupifupi madirham 3.67 pa dola imodzi, ndipo sigwedezeka. Kwacha yathu ndiye mwana wakhunyu: inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Choncho usatumize ndalama ya zaka zonse nthawi imodzi kuti izikagona mu akaunti ya kwacha, idzasungunuka ngati mafuta padzuwa. Isunge komweko m'madirham, pamalo pake payokha pamene sukhudzapo ngakhale foni yatsopano itakukodola, n'kumatumiza semesita ndi semesita. Ndalama ija amakupatsani pomaliza ntchito, ya masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, usailonjeze kwa munthu. Imeneyo ndi ndodo yobwerera nayo kumudzi.

Kasankhidwe ka mwanayo usakachite wekha, ndipo usakapatse achibale. Ine ndinapusapo. Ndinkatumiza fizi ya mwana wa msuweni wanga kudzera mwa amalume ake, bambo aulemu, a jekete ndi Baibulo m'khwapa. Chaka chisanathe khola lawo linali ndi nkhumba zitatu, mwana ali pakhomo akuti sukulu yatsekera msanga. Mpaka lero ndikaona nkhumba ndimaona yunifolomu. Iwe lembera kalata akuluakulu a sukulu ya zamalamulo ku Zomba, kapena ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Iwo ndi amene amadziwa ana amene akugona ndi njala koma akukhoza. Auze zimene ungakwanitse, osawonjezera ulemerero. Fizi ipite molunjika mu akaunti ya yunivesite, risiti ibwere kwa iwe. Ya chakudya ipite m'manja mwa mwanayo, pa foni yake, tsiku lodziwika mwezi uliwonse, kuti asamachite kukupempha ngati wopemphetsa. Zotsatira za mayeso azikutumizira, koma usamuyese wantchito wako womuimbira pakati pausiku kufunsa ngati akuwerenga.

Ndipo akakupatsa mtsikana, tamvera bwino apa, nambala yake isungidwe ndi mkazi wako. Ndakuonani amuna inu. Mumayamba ndi "mwana wanga wadya?" n'kumalizira "tanditumizira chithunzi." Sindikufuna kudzamva kuti thumba la malemu bambo ako labala chidyamakanda.

Tibwere pa mlandu wa malo uja, pamene ndinakugwira ukubisa mbedza m'nyambo. Mwana wanga, ukufuna kuthandiza kapena ukufuna kugula loya pangongole? Mwana wa munthu si mbuzi yoikiza kuti ikaswa udzatenge ana. Komanso mlandu wa malo sungadikire kuti wina amalize sukulu, alumbiritsidwe, aphunzire kuima pamaso pa jaji osanjenjemera. Pofika nthawi imeneyo amene mukulimbana nawowo adzakhala atakolola kasanu. Pa mlanduwo pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa loya, kapena lemba loya ndi ndalama zako monga amachitira aliyense. Uvomerezenso pasadakhale kuti mwana amene umulipirireyo mwina adzakathera ku banki, adzagula galimoto yaitali, n'kukupatsa moni wa pawindo. Zimachitika, ndipo usadzafe nazo mtima. Koma mwinanso adzakhala ngati maloya aja anaimira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene apolisi anamugwira vakabu m'mamawa akupita kukagulitsa katundu wake. Mu January 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime ya lamulo imene anamugwirira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo mavenda ndi alonda ngati iwe anapumako. Majaji asanu aja amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020 nawonso anali ana a sukulu tsiku lina, wina wake anawagulira sopo ndi makope. Pobzala sudziwa phando limene lidzabale dzungu lalikulu.

Ndikuuzenso kanthu kena, popeza bala lako ndi la limandi. Malamulo a dziko lathu amati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Ambiri amene akuvunda m'ndende sadziwa zimenezi. Kuyambira chaka cha 2000 kuli anthu ophunzitsidwa zamalamulo pang'ono, osati maloya enieni, a bungwe limene pano limatchedwa PASI, amene amalowa m'ndende ndi kumapolisi kufotokozera omangidwa za belo ndi kukumbutsa makhoti za mafayilo oiwalika. Mchimwene wako akanakumana ndi mmodzi wa amenewa, mwina miyezi 14 ija ikanakhala masabata. Ngati tsiku lina thumba lako lidzanenepa, kumbukira kuti khomo limenelo liliponso.

Nanga mtengwa wathu wa ku Chirimba? Iye sanalakwe. Mvula ikamagwa, iwe uli m'chipinda cha mphepo yozizira ya makina, iye akusuntha mphasa ndi ana, akutchera mabeseni. Kenako amve kuti mwamuna wake akuphunzitsa ana a eni khumi. Ukanakhala iwe ukanaimba nthungululu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'zoona, koma wako weniweni asagone ponyowa. Muimbire, osati uthenga wolemba ayi, amve mawu ako. Muwerengere limodzi malata amene atsala, misomali ndi mmisiri, mugwirizane mwezi umene denga lithe. Ukatero umufotokozere za lumbiro lako, umuuze za bambo ako monga wandiuzira ine. Ndikhulupirire, mkazi amene wafunsidwa maganizo amasanduka msungichuma woopsa kuposa banki. Ndi iye amene adzakukumbutse kuti semesita yayandikira. Koma amene wangouzidwa zomaliza amasunga mkwiyo mpaka tsiku la maliro ako.

Tsopano misozi ija. Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Bambo ako anapita uli wopanda kanthu m'manja, ndipo ukufuna kuwauza kuti taonani, ndakula, sizidzachitikanso. Chiwerengero cha khumi chija si cha anawo, ndi kukula kwa chisoni chako. Palibe cholakwika kutchula dzina lawo. Mwana mmodziyo umuuze kuti ndalamayi ikuchokera kwa mwana wa bambo wakutiwakuti, amene anamwalira akudikira chilungamo. Umuuze za mbuzi ija, za miyezi 14, za chifuwa. Usamulamule kanthu, ungomuuza. Tsiku lina adzapeza fayilo ya munthu wosauka yafumbi pansi pa mulu, ndipo dzanja lake lidzakana kuidumpha. Chikwangwani, satifiketi ndi zithunzi za pa Facebook zisiye kaye. Akamaliza woyambayo, denga litatha, udzatenge wachiwiri.

Koma wandibisira chinthu chimodzi. Mchimwene wakoyo ali kuti masiku ano? Chifuwa chija anakapimitsa kuchipatala, kapena nonse munangoti chitha chokha? Ali ndi chochita, ana ake ali pasukulu? Undiyankhe zimenezi m'kalata yotsatira, pamodzi ndi chithunzi cha malata.

Ndine Azakhali ako.