Phunziro: Madzi Oundana a ku Arctic ndi Nyanja Yathu

Phunziro la mwezi uno tiliyambira kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kudera lotchedwa Arctic. Kumeneko nyanja imaundana gwa ngati mwala, ndipo zimbalangondo zoyera zimayenda pamwamba pake posaka nyama za m'madzi. Kuyambira 1979 derali lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Madzi oundanawo akusungunuka msanga, nyengo yosaka ikufupika, mwakuti zimbalangondo zanjala zimalowa m'midzi kukafukula kudzala.

Wina afunsa: nanga ife a ku Mangochi zikutikhudza bwanji? Utsi wa malasha ndi mafuta umene ukutenthetsa Arctic ndi womwewo ukusokoneza mvula yathu. Mpweya wotentha umasenza chinyezi chambiri, choncho mvula ikabwera imabwera yaukali. Ikadula, nthaka imauma msanga. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo chakumwera. Mu 2024 nyanja ya Malawi inasefukira, nkumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo. Madzi akafika pakhomo, ng'ona ndi mvuu zimabwera nawo, pamene otsuka mbale ndi kuchapa kugombe ndi ife ndi ana athu.

Komabe ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala timaopa kwambiri zosaoneka ndi maso. Chimbudzi chikamira, zonyansa zimalowa m'chitsime. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma ovutika zedi. M'zithaphwi zotsala madzi akaphwera mumaswana udzudzu ndi nkhono za likodzo. Madzi akumwa tiwiritse kapena tithire klorini, ngakhale aoneke oyera. Mnyamata akamakodza magazi sikuti wakula ayi. Ndi likodzo, apite kuchipatala.

Tisanamizire nyengo pa zonse. Chambo chinasowa m'nyanja ya Malombe makamaka chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi tiana tomwe. Ena mpaka amakokera usipa ndi masikito amene analandira kusikelo, mwana nkumagona pamtetete!

Pamsonkhano wanu kambiranani izi: madzi a 2024 analekezera pati m'mudzi mwanu? Nanga zimbudzi ndi zitsime zimene mukukumba chaka chino zili kumtunda kwa malirewo?